Mabawuti Omaliza a Che Swalehe

Ku Kachulu aliyense amadziwa kuti Che Swalehe sankamanga mabawuti a galimoto yopanda anthu. Wofuna kuseka malemuwa aseke, koma aseke mwaulemu, chifukwa wachipongwe ndithana naye ndekha. Munthuyo anali wathu.

Anali makaniko wa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika wa nsomba. Ntchito yawo inali mashoko ndi mabushi, timphira tija timagwira miyendo ya galimoto kuti isamagogode. Injini ankaikana. "Injini ndi mtima, pitani nayo ku Zomba. Ine ndine wa mawondo." Ndipo msewu wathuwu, umene umakumbukiridwa nthawi ya chisankho yokha, unkawabweretsera mawondo othyoka sabata ndi sabata.

M'tauni ntchito imeneyi ndi ya maola atatu. Kwa Che Swalehe inali ya masiku atatu, zikayenda bwino. Tsiku loyamba ankangothira palafini pa mabawuti n'kukhala pansi kumawayang'ana, akuti bawuti amene wamwa madzi amchere a Chilwa sanyengereredwa tsiku limodzi. Tsiku lachiwiri ankasema mabushi kuchokera ku tayala lakale la lole, kenako n'kupanikiza sipuling'i ndi chingwe cha khoka. Apa ankathamangitsa aliyense, ndi nkhuku zomwe, chifukwa sipuling'i ina inawapulumukapo zaka za m'mbuyomo ndipo mpaka lero sinatere. Asodzi ena amalumbira kuti anaiona ikudutsa ku chilumba cha Chisi.

Tsiku lachitatu ndiye linali la msonkhano. Galimoto ikatsika pa jeke, ankafuna ikwere anthu ake enieni, aliyense pampando wake, madengu a matemba kumbuyo, ndiye iwo n'kukwawira pansi ndi sipanala.

Amene ankapsa nazo mtima kwambiri ndi Aubrey, dalaivala wa kagalimoto ka mipando isanu ndi iwiri kamene kamanyamula anthu khumi ndi anayi.

"Che Swalehe, mangani basi. Anzanga apita ku Zomba kawiri, ine ndikuonera inu mukusema tayala ngati chipande."

"Galimoto yako imayenda yopanda anthu?"

"Ayi."

"Ndiye ndiimange bwanji yopanda anthu? Mphira ukaumanga galimoto ili m'malere, potsika umapotoka, anthu akakwera umang'ambika. Umangire pamene uzikhala moyo wake wonse. Kaitane anthu ako."

Ndiye Aubrey ankazungulira msika wonse, kupempha amayi a nsomba kuti asiye malonda adzakhale m'galimoto yosapita kulikonse. Ndipo ankabwera, anthu inu. Ankakhalamo mothithikana ola lathunthu, kukangana za mitengo, wina mpaka kukalipa kuti zenera litsekedwe fumbi likulowa.

Ulendo wina Abiti Salimu, mayi wa milamba yowamba amene mpando wakutsogolo ndi wawo kuyambira kalekale, anapita ku ukwati ku Jali. Mayiwo Mulungu anawapatsa thupi mosaumira. Che Swalehe anayang'ana mpando uja, n'kubweza sipanala m'thumba.

"Tidikira."

"Ndiikapo matumba awiri a mpunga," anatero Aubrey.

"Thumba la mpunga limatembenuka kuti linene miseche kumbuyo? Limapendamira kwa dalaivala likaona dzenje? Tidikira."

Anadikira masiku awiri. Aubrey anatukwana mtengo wa mango, msewu, ukwati wa ku Jali ndi onse ovina kumeneko, n'kulumbira kuti pamenepo sadzapondaponso. Chaka chotsatira anapitadi nayo ku galaja ina ya m'tauni, ya makina olira ndi anyamata a maovolosi ofanana. Maola atatu, yatha. Anabwera akuimba huta kuyambira kumtunda. Patatha masabata atatu galimoto inayamba kugogoda ngati muli munthu wotsekeredwa. Che Swalehe anaimva isanaoneke n'komwe.

"Wammenya ndani mwanayu?"

"Msewu."

"Msewu ndimaudziwa kamenyedwe kake. Uyu wamenyedwa ndi munthu wa changu. Imika apo, tionana Lachisanu ndikachoka ku mzikiti."

 Aubrey anangopita kukauza Abiti Salimu kuti Lachisanu asapite kulikonse.

Mwezi wa Febuluwale chaka chatha galimoto ya Aubrey inali pa zitsa pansi pa mango paja, mashoko akutsogolo onse atachotsedwa. Lakumanja Che Swalehe anali atabwezeretsa. Lakumanzere linali pa saka, sipuling'i pambali pake. M'mawa mwake Che Swalehe anachoka ku swala, pemphero la ku mzikiti, anakhala pakhonde, anati chifuwa chikuwathina, ndipo madzi amene anaitanitsa anawapeza atapita.

Malemuwa anali atanena kambirimbiri kuti adzawaike kwawo kwa Kuntumanji, pafupi ndi mayi awo. Koma Asilamu sagoneka maliro. Ashehe ananena poyera: ikafika swala ya Asiri, ya dzuwa litapendeka, thupi lisanafike kumeneko, aikidwa konkuno ku Kachulu, kumanda a alendo. Magalimoto onse anali atanyamuka ndi nsomba mbandakucha, ndipo mvula ya usiku inali itadula msewu wa ku Zomba, moti wobwerera panalibe. Njira ya kwa Kuntumanji inali yodutsika, koma galimoto yotsala inali imodzi, ya miyendo itatu.

Aubrey ndi Mkhristu, wa kwaya ndithu, ndipo sipanala ankaigwira pongopatsira. Anavula shati.

Zaka khumi zokalipa pansi pa mango zija, kani maso ankaona. Anakulunga chingwe cha khoka monga ankachitira mwiniwake, asodzi anayi akukoka. Chinaterereka, sipuling'i inadumpha n'kuboola dengu la munthu. Anayambanso. Shoko litalowa, bowo la bawuti linakana kukumana ndi linzake, kusiyana pang'ono ngati chikhadabo, ndipo kachikhadabo kameneko kanadya ola lathunthu ndi khungu la zala zake. Ankatukwana chamumtima poopa maliro, koma milomo inkaoneka. Swala ya Zuhuri, ya masana, inadutsa iye ali chagada m'matope.

Galimoto itatsika pa jeke, ashehe anati, "Alihamudulillahi. Tiyeni."

"Sindinamange."

"Mangani msanga."

"Yopanda anthu?"

Wina kumbuyo anaseka, kenako n'kusanduliza kusekako kukhala chifuwa. Anapinda mipando ya mbali imodzi, nalowetsa Che Swalehe atakulungidwa mu sanda yawo yoyera. Amuna anathithikana mbali inayo. Aubrey anazungulira galimoto, naima kutsogolo kumanzere. Mbali imeneyo inali idakali yokwera, yosatsika monga mwa masiku onse.

"Abiti Salimu ali kuti?"

"A Aubrey," anatero ashehe, "amayi sapita kumanda."

"Sakupita, a Shehe. Akungokhala."

Anakawatenga kusiwa. Anabwera atafunda chitenje kumutu, nakhala pampando wawo, galimoto n'kutsika mpaka pamene imadziwa. Aka kanali koyamba kuti mayiwo akhale pamenepo osanena za munthu. Ankangoyang'ana kutsogolo, misozi ikutsikira m'chitenje.

Aubrey anakwawira pansi. Bawuti woyamba, wachiwiri. Ashehe anayang'ana dzuwa, nayang'ana wotchi.

"Nthawi, a Aubrey."

Mawu anachokera pansi pa galimoto. "Musandithamangitse, a Shehe. Mwiniwake ali pamwamba panga pomwepa, akumva."

Anamanga onse anayi, nabwerezanso kuyambira woyamba. Abiti Salimu anatsika, ashehe anakhala pamalo pawo, ngakhale kuti sanakwane theka. Amene anali m'galimotomo amati msewu wonse wa kwa Kuntumanji, maenje, matope, mizu ya mitengo, sinagogode ngakhale kamodzi. Anafika wa azana akukonza kukhosi kuti aitanire swala ya Asiri. Che Swalehe anagona pafupi ndi mayi awo.

Lero pansi pa mango paja pali anyamata a makina olira aja. Ndi aulemu, ndipo sindikuwanena. Umasiya galimoto, ukamwa tiyi, pobwera yatha, ndipo mwezi usanathe umabweranso kudzamwa tiyi wina. Magalimoto a Kachulu tsopano amagogoda onse, moti ukaima pa msika umadziwa amene akubwera ndi kagogodedwe kake. Ya Aubrey nayo yayamba, kumanzere komwe anamanga yekha kuja, koma munthu akangoyandikira ndi sipanala amamuthamangitsa ngati wakuba. Akuti akonza yekha, akangopeza masiku atatu.

Abiti Salimu akamadutsa pamenepo ndi dengu lawo kumutu amayenda pang'onopang'ono, n'kuyang'ana pa mango, ngati pali wina amene awaitane kuti adzakhale.