Tsiku Limene Agogo Analonjera Mapulofesa

Ndikamva chopukusira zitsulo chikulira kuti nyiiii, mpaka lero ndimakumbukira tsiku lina lake. Aneba athu ku Kawale ndi owotcherera mageti, ndipo tsiku limenelo ndinawapempha kuti makina awo apume kaye, poti ndinali ndi mayeso omaliza: kuteteza kafukufuku wanga pamaso pa mapulofesa atatu akunja, pa laputopu. Kulephera kukanatanthauza kubwereza chaka.

Aneba anandimvera. Amene sindinawakonzekere ndi agogo, omwe anandilera makolo atamwalira. Ine mawu amandithera msanga, ndiye ndinangoti, “Agogo, kuchipindaku ndikhala ndi aphunzitsi anga.” (Apa ndi pamene ndinadzikumbira dzenje.)

Poyamba zinayenda. Ndinafotokoza za kamwala kokhala ndi chitsulo cha seriyamu: kakazizira koopsa, maelekitironi ake amayenda ngati asenza matumba a chimanga, ndipo amalowererana kwambiri mbali imodzi kuposa inzake. M'menemo umaginito umalimbirana malo ndi khalidwe lina lodutsitsa magetsi popanda chotchinga.

Kenako mmodzi wa mapulofesawo, mayi wa magalasi, anafunsa, “Nanga chimasankha wopambana n'chiyani?”

M'mutu munangoti mbee. Ndinayang'ana khoma (ilonso linandiyang'ana).

Chitseko chinatseguka. Agogo, atavala chitenje chakutchalitchi, anagwada pamaso pa laputopu, manja akuomba.

“Alendo afika osandiuza? Iwe mwana, unakulira kuti? Muli bwanji, bambo a ndevu? Kunyumba mwasiyako bwanji?”

“Agogo, chonde, ndi mayeso!”

“Mayeso amaletsa moni? Tanthauzira!”

Ndinatanthauzira, thukuta lili kamukamu. Anawalonjera mmodzimmodzi, mpaka ana ndi mvula yakwawo. A ndevu aja anayesera kuomba m'manja, n'kugwetsa kapu.

Koma moni wa agogo ndi wautali, ndipo pofika pa mlendo wachitatu yankho linali litabwerera. Agogo atangodzuka ndinati, “Ndi kufinya! Mukakafinya kamwalako kulowererana kumakula, umaginito umafooka, khalidwe lodutsitsa magetsi lija n'kupeza mpata. Ndipo mbali imene mwafinyira ili ndi kanthu.”

Mayi wa magalasi anagwedeza mutu movomereza. Ndinakhoza, anthuni, ine amene!

Ndinalumbira kuti ulendo wina ndidzafotokoza zinthu momveka. Ndisanatseke n'komwe laputopu, agogo analowanso, tambala ali kukhwapa, miyendo yomanga ndi luzi.

“Alendo sabwerera chimanjamanja. Uwapatse.”

Anandiika tambalayo pamiyendo, natuluka.