Dzenje limene linandisungira kontrakiti

Anzanga, pepala muziliwerenga musanasaine, musakhale ngati ine. Loji ina ku Senga Bay inandipatsa kontrakiti yoti ndizipereka chambo tsiku lililonse, masamba atatu athunthu, ine ndinangoona pamene panalembedwa kuti seveni koloko m'mawa, basi n'kusaina. Ndipo ntchito imeneyi ndi imene ikudyetsa ana anga.

Tsiku lina kunachita mwera, sikisi koloko kukwana maboti osatulukira, padoko pali zii. Ndinati kwanga kwatha, ndikachedwa andichotsa. Ndiye mantha amapusitsatu munthu. Ndinagula chambo chogona kwa mayi wina wa ayezi, n'kuchiwaza madzi kuti chizioneka chalero. Akanadziwa ndani?

Ndinakwera kabaza beseni lili pamiyendo, njira yonse ndikukalipira bambo wopalasayo. "Palasani inu, mukuyenda ngati tikuperekeza maliro!" Munthu uja anapalasadi. Pokhota paja pali dzenje, tonse pansi khu, nsomba mbwee mumchenga, agalu kufika ngati ndinachita kuwaitana, chitenje changa kukodwa m'masipoko n'kung'ambika anthu akuonerera. Bambo uja ndinamutukwana mpaka ndinatchula makolo ake.

Ndinabwerera kudoko ndikutsimphina, n'kupeza maboti afika, ndinagula chambo chatsopano. Pa loji ndinafika naini koloko, ndipo asanandifunse n'komwe ndinagwada pamaso pa amanijala, alendo akumwa tiyi, ine misozi chuchuchu, fumbi mpaka m'tsitsi.

"Mayi, dzukani, mukuopseza alendo," anatero amanijala, n'kutulutsa pepala lija. "Kodi simunawerenge? Kuchedwa ndi mfundo yaing'ono, timangokudulani nsomba ziwiri. Yaikulu ndi iyi: mukangobweretsa nsomba yogona, kontrakiti yatha tsiku lomwelo."

Kenako anayamba kununkhiza nsomba imodziimodzi, kuitembenuza, kuiyang'ana m'maso. Ine maganizo ali pa beseni loyamba lija.

"Izi ndiye nsomba," anatero. "Inu mayi ndinu wokhulupirika, ena akanangotibweretsera zadzulo."

"Timayesetsa," ndinayankha ndikuyang'ana pansi.

Mtima utakhala m'malo ndinakafunafuna bambo wakabaza uja, n'kumupepesa ndi chambo chonona, ndinamuuzanso zonse. Anaseka mpaka kutsamira njinga, n'kundifunsa kuti mawa adzandigwetsenso nthawi yanji. Ine pano pepala lililonse ndimaliwerenga mpaka kuseri, ngakhale likhale lokulungira mandasi.