Khasu la a Kalipinde Pansi pa Jipi

Mwana wanga Rozaliya anandifunsa tsiku lina tikuchokera ku chigayo kuti, "Amayi, pa mphambano ya ku Mlolo paja mumawombera m'manja ndani, poti sipakhala munthu?" Ndinamuuza, iye n'kuseka. Inunso sekani ngati mufuna, ine sindikweza mawu. Koma wokayika apite akaone yekha mmene msewu unapindikira pamenepo, abwere adzandiuze ngati anthu a mapiki ndi mafosholo angapinde msewu chotero.

Zinachitika m'zaka za m'ma 1950, Rozaliya yemweyo akadali wa kumsana. Bambo ake, a Lazaro, ankayendetsa jipi yakale yotsala ku nkhondo, ya mmwenye wogula mtedza, ndipo inkagona pakhomo pathu ku Zemba. Matenda a jipiyo anali chitsulo chapansi chimene chimalumikiza chiwongolero ndi matayala akutsogolo. Chinali chitatopa. Jipi ikangogunda chitsa chinkapindika, tayala lina kuyang'ana ku Pembamoyo, linzake kwa Apwitikizi.

M'mudzi mwathu munkadutsa nkhalamba ina, a Kalipinde, mdzukulu wokumba manda, amene khate linawadya zala. Akapempha madzi, anthu ankawathirira m'phale n'kuika pansi. Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo ndinawatungira m'chikho changa choyera chachitsulo, chobenthuka pamlomo, chimene masisitere anandipatsa ndikumaliza sukulu, n'kuwapatsira m'manja. Anamwa pang'onopang'ono, kenaka anapukuta mlomo wa chikhocho ndi nsalu yawo asanandibwezere. Kanthu kakang'ono, koma sindinakaiwale. Apongozi anga anakana kuti chikhocho chilowenso m'nyumba, choncho ndinawauza a Kalipinde kuti apite nacho. Anangoti, "Ndidzabweza, mama."

Dzinja la chaka chomwecho anamwalira. Khasu lawo ndi chikho chija anaziika pamtumbira.

Pasanapite nthawi, handulo yolizira injini inabwerera n'kuwathyola a Lazaro dzanja lamanja, jipi ili pabwalo matayala atayang'ana kumbali. Chitsulo chija chinafunika kuchiwongola ndi kuchiveka chinzake pamwamba kuti chilimbe, ndipo chitsulo chotero sichinkapezeka pokhapokha kutali ku tauni ya Fort Jameson. M'mawa wina ndikusesa ndinapeza khasu lopanda mpini litagonekedwa bwinobwino pakhomo, dothi lofiira lili lonyowa pa ilo, pabwalo popanda phazi la munthu. A Lazaro anati ndikalitaye kuthengo. Ine ndinati chinthu chobwera mwaulemu chotere sindingachitaye.

Ntchitoyo ndinaigwira ndine. Mukumva? Jeke wonyamulira galimoto anali atabwereka anthu, ndiye ndinanyamula mutu wa jipi ndi phewa, mwana ali kumsana osadzuka, n'kukankhira mtondo pansi pake ndi phazi, ndinamasula chitsulo chopindikacho n'kuchiwongola pabondo ngati bango, khasu lija ndinalikulungiza pa icho ndi manja monga timakulungira mkate m'tsamba la nthochi, mabowo a mabawuti ndinaboola ndi chikhadabo ichi, sipanala inathyoka pa nati yoyamba ndiye zotsalazo ndinamanga ndi zala mpaka chitsulo chinatuluka thukuta, ndipo nyemba zimene ndinasiya pamoto ndinakazipeza zisanapserere. A Lazaro nthawi yonseyo anandigwirira ambulera ndi dzanja lotsalalo. Analibe china chothandizira, koma sanachoke.

Chiwongolero chinalimba, inde. Zitsa zinayamba kudzizula zokha jipi ikamabwera. Koma khasu lija moyo wake wonse linkadziwa njira imodzi. Jipi inayamba kukhota yokha kulowera kumene kuli maliro, ngakhale mkuwo usanamveke, ndipo inafikapo pakhomo pa munthu wina akupala mpini ali bwinobwino, tsiku lomwelo n'kumwalira. Anthu analeka kupempha kukwera. Ikamadutsa, amayi ankalowetsa ana m'nyumba, agalu osauwa.

Kenaka Rozaliya anadwala malungo. Thupi moto, maso atatembenuka, bere kukana. Chipatala cha ku mishoni chinali kutali, ndipo galimoto ina kunalibe. Tinayang'anana ndi a Lazaro, n'kukwera jipi yomweyo, dzuwa lili paliwombo, iwo akuwongolera ndi dzanja limodzi.

Pa mphambano ya ku Mlolo, njira ya kumanja imapita ku mishoni, ya kumanzere imalowa m'msitu wa manda. Titayandikira, mbalame zinaleka kulira. Mthunzi wa jipi unatisiya n'kutsogola kumanzere, ndipo chiwongolero chinayamba kuzungulira kuutsatira. A Lazaro anakoka. Ine ndinaikapo dzanja lomwe lija linamanga manati, koma chiwongolero chinanditenga ngati ndine nthenga. Pansi pathu chitsulo chinkalira monga khasu likamenya mwala m'dzenje, ndipo mwana pachifuwa panga anayamba kuzizira.

Sindinakuwe. Ndinawerama n'kulankhula chapansipansi. "A Kalipinde, ndine wa chikho uja. Uyu ndi mwana wanga yekhayo."

Pamenepo ndinaona manja ena awiri pa chiwongolero, pakati pa langa ndi la a Lazaro. Manja okha, opanda zala, dothi lofiira lili m'ming'alu ya khungu. Sanagwire, poti analibe chogwirira. Anangokankha ndi zikhatho.

Mukumva? Jipi inali italowa kale njira ya kumanda moti kubwerera kunali kosatheka, ndiye msewu ndi umene unadzuka ngati mphasa ikukokedwa pansi, n'kupindikira kumanja pamodzi ndi chulu, mitengo iwiri ya masuku ndi mbuzi ya eni ake imene inamangidwa pamenepo, mthunzi wathu uja n'kubwera chothamanga kudzalowanso pansi pa matayala, mtsinje tinaupeza utasefukira koma tinawoloka matayala osanyowa, ndipo tinafika ku mishoni msanga moti fumbi lathu linatipeza mawa lake, litatopa.

Sisitere anamubaya mwana jakisoni, n'kundipatsa mpando wake womwe kuti ndikhalepo. Mwana atalira ndi kufuna bere, ndinatuluka kukasuzumira pansi pa jipi. Khasu panalibe. Manati anga anali omangika mmene ndinawasiyira, osamasulidwa ngakhale imodzi.

Pampando wa jipi umene ndinakhala ndikubwera panali chikho choyera chobenthuka pamlomo, chodzaza madzi ozizira mpaka pakamwa, osatayika ngakhale dontho, mlomo wake wopukutidwa bwino. Ndinachinyamula ndi manja awiri n'kukamwetsa mwana.

Apongozi anga mpaka imfa yawo ankati zikho zotero n'zambiri m'sitolo ya mmwenye. Mwina. Koma sanamwerepo. Rozaliya akuti ndimanama, komabe tiyi wake amamwera momwemo mpaka lero, ndipo akatha amapukuta mlomo wake ndi chitenje. Sindinamuphunzitse ndine.