Batani la Tab ndi Makolo Onse a ku Lupembe

Mukapita ku Lupembe n'kumva amayi akuti "uyo wa mauthenga uyo," musafunse kuti akunena ndani. Ndine.

Ndinakula ndi agogo, makolo anga atamwalira. Agogo sadikira kuti munthu amalize chiganizo. Ndikati, "Agogo, ndikufuna..." iwo amati, "Chinangwa," ine n'kuvomera, ngakhale ndimafuna sopo. Ndinazolowera kungoyang'ana n'kuti eya.

Nditamaliza kosi ya kompyuta, anandilemba ukalaliki pa sekondale ina, koma moyeserera kwa miyezi itatu. Ahedi, a Chimwaza ochokera ku Dedza, anali atatopa ndi makalata opita kwa makolo amene ana amatayira m'ngalande. Ndinawalonjeza kapulogalamu kotumiza mauthenga pa foni za makolowo.

Panali mapulogalamu awiri olembera khodi, malamulo ouza kompyuta zochita. Ina inali ngati kope lopanda kanthu: chilichonse ulembe wekha. Inayo, ukangolemba zilembo zitatu, imakumalizitsira mzere wonse, iwe n'kungodina batani la Tab kuvomereza. A Gondwe a masamu, omwe mnzawo aliyense amamuti mnyane, anandichenjeza.

"Mnyane, yamba ndi yopanda kanthuyo. Iyi ikuyankhulira."

Koma ine ndinali nditapeza agogo mu kompyuta. Ndinasankha yomalizitsayo (ndipo ndinkadina Tab ngati ndikupha nsikidzi).

Lachitatu lina ahedi anati nditumize uthenga kwa makolo a ana asanu ndi mmodzi ojomba. Ndinali ndi mindandanda iwiri, wa makolo onse ndi wa makolo a ojomba. Ndinalemba "mak", pulogalamu n'kumalizitsa, ine Tab. Sindinawerenge. Uthenga unati: "Mwana wanu wajomba masabata awiri. Bwerani naye mawa m'mawa, apo ayi achotsedwa sukulu."

Inali nyengo yowokera mpunga, nthawi imene munthu sasiya munda ngakhale mlendo abwere. Koma m'mawa mwake bwalo la sukulu linadzaza. Njinga mbwee, amayi matope m'miyendo, ana ena atagwidwa khutu kuchokera kwawo. Ine pa zenera, kumangoonerera, n'kumati mwina kuli katemera.

Ahedi analowa foni ili m'manja. Mwana wawo wamkazi anali Fomu 2 pasukulu pomwepo.

"Achimwene, mwana wanga amachoka nane limodzi kunyumba. Wajomba liti?"

Ndinatsegula kapulogalamu kaja. Makolo onse. Ndinawaonetsa ahedi.

"Tiyeni mukawauze nokha."

Ndinaima pakhonde. "Makolo, pepani, kompyuta..." Ndinadikira kuti wina amalize. Palibe anamaliza.

"Kompyuta yatani?" anafunsa bambo wina wa khasu paphewa.

"Siyinalakwe. Ndine. Ana anu sanajombe."

Mayi wina anakuwa m'Chitumbuka kuti, "Mwana wane namutimba waka!" kenako anatembenukira kwa ine: "Ndam'menya ulele mwanayu dzulo. Bwerani kuno ndikubwezereni zake!" Anthu anaseka, koma maso a mayiwo sankaseka. (Makolo a ojomba enieni aja anabwera awiri okha, ndipo atamva kuti ana sanajombe, ananyamuka mokondwa.)

Ndinadziwa kuti ntchito yatha. Koma ahedi anayang'ana khamulo nthawi yaitali. Pa misonkhano ya makolo pamabwera anthu osadzaza benchi ziwiri.

"Poti mwabwera kale," anatero, "tikambirane za denga la Fomu 1."

Msonkhano utatha anandiitana. "Ntchito simuchoka. Koma Loweruka mukawoka mpunga kwa mayi aja, ndipo uthenga uliwonse muzindiwerengera mokweza musanatumize." A Gondwe anangondisisita paphewa, n'kundifunsa ngati ndili ndi majombo.

Ndinalumbira kuti kuyambira tsikulo palibe adzandimalizitsirenso mawu, kaya munthu kaya makina. Ndinafika kunyumba ndili wolimba mtima.

"Agogo, lero kuntchito ahedi..."

"Akukweza udindo!"

Ndinawayang'ana. Anali atayamba kale kululutira.

"Eya," ndinatero.