Kompyuta Yofunsa za Ng'ombe

Anzanga, inetu cholinga changa chinali chabwino. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 90 sukulu yathu ku Lundazi inabwerekedwa kompyuta. Tinali kagulu ka aphunzitsi ongodzipereka, wina ku Chipata wina ku Katete, tikulemba kapulogalamu kaulere kophunzitsa ana masamu, aliyense n'kumawonjezerapo zake, madisiketi akuyenda pa minibasi. Wotsogolera gululi, a Banda a ku Chipata, anandipatsa ntchito yokonza poyambira pulogalamuyo. Anati akadzaona ana akupindula kompyutayo ikhala kwathu, apo ayi ipita kusukulu ina.

Ntchito yake inali ya mawu awiri basi: "Takulandirani, yambani." Koma poti demokalase inali m'fasho masiku amenewo, ine ndinati ayi, ndimve kaye maganizo a makolo. Anandituma ndani?

Pamsonkhano wake Mayi Zimba, mmodzi wa makolowo, anati moni akhale wa Chitumbuka. Wina anati nanga ana a pa boma, Chinyanja chikhaleponso. Kenaka anaimirira a Nyirenda a ku Magodi, apampando a komiti ya makolo.

"Aphunzitsi, moni wa mau awili ni wa munthu wokalipa. Ifunse kunyumba, ifunse ana, ifunse na ng'ombe."

Ndinayesa kunena kuti tiikepo batani lodumphira moniyo kwa amene akufulumira. Anandiyang'ana ngati ndatukwana apongozi.

"Mufuna kuphunzitsa ana athu kujumpha moni?"

Ndiye ine, chitsiru, ndinalemba zonsezo, osakana ngakhale mmodzi.

Tsiku loonetsa pulogalamuyo magetsi kunalibe, tinachita kubwereka kajenereta, mafuta ake otsalira pansi. A Banda anakhala kutsogolo. Ulemu woyamba unapita kwa a Nyirenda, iwo akuyankha ine ndikuwatayipira, Mayi Zimba akuwerengera anthu mokweza zotuluka pakompyutapo.

"Monile, mwawuka uli?" inatero kompyuta.

Akuluwo anavula chipewa n'kuyankha mwaulemu wonse. Itafunsa za kunyumba anayamba kufotokoza za bondo la amayi, pamene linayambira ndi kumene apitako nalo. Ndinawanong'oneza kuti angoti kuli bwino.

"Yafunsa yeka, nizainamiza bwanji?"

Ana anawatchula mmodzimmodzi mpaka wa ku Kitwe, uku jenereta ikutsokomola panja. Titafika pa ng'ombe nkhope yawo inagwa.

"Ija yofiila yolimila inafa pa Sondo."

Amayi ena anayamba kunena pepani chapansipansi. Ndinatayipa, n'kudina, ndipo m'pamene ndinakumbukira kuti yankho lotsekera moni ndinaikamo limodzi lokha, kaya munthu wanena zotani. Zinatuluka zilembo zikuluzikulu, Mayi Zimba n'kuwerenga asanaganize: "Yewo chomene, nakondwa kupulika!"

Kompyuta yanga kukondwera kuti ng'ombe yafa! A Nyirenda anavala chipewa chawo mwakachetechete. Makinawo osadziwa kanthu anayambiranso moni yemweyo m'Chinyanja, ndipo ali pa "muli bwanji" jenereta inazima, mwana ngakhale mmodzi asanaone samu.

A Banda anangoti, "Ulemu ulimo, aphunzitsi. Manje masamu ali kuti?" Masana omwewo kompyuta inakwera minibasi.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero ndi chimene ndinamva potuluka. A Nyirenda ankauza makolo anzawo kuti, "Vuto ya aphunzitsi aba, safunsa anthu."

Ndinalumbira pomwepo. Maganizo ndizimva ndithu, ndizigwedeza mutu n'kuthokoza, koma mukadzandionanso ndikulemba zonse zimene anthu anena, mudzandilande choko ndikalime fodya.