Chopondera cha m'Khutu la a Damdin

Chigwa chonse chinkadziwa kuti a Damdin akakupatsa moni, nkhosa zimabalalika. Mkuluyu anali atagontha, koma ankalimbikira kuti anthu amasiku ano ndiwo amalankhulira m'mimba.

Akazi awo a Norjmaa, mawu atasasa ndi kukuwa, anawakokera kuchipatala cha kutauni. Dokotala anatulutsa chithunzi cha kafupa ka m'kati mwa khutu, kochepa kuposa njere ya mpunga.

"Aka timakatcha chopondera, agogo, chifukwa kamafanana ndi chitsulo chija mumapondapo pokwera hatchi. Kanu kauma, sikakugwedera. Tikachotse, tiikepo kachitsulo."

"Chopondera? M'khutu langa?" anabangula a Damdin, maso ali gwa pachithunzi. "Ndinkanena ine! Ndinabadwa wokwerakwera!"

Kuyambira tsikulo palibe anapuma. Mlendo asanamwe n'komwe tiyi wamkaka, iwo anali atamugwira kale khutu. "Iwenso uli nacho, mphwanga, koma chako n'cha bulu." Za opaleshoni ndiye anakana kwamtuwagalu. "Mwamuna wochotsedwa chopondera ndi woyenda pansi!"

A Norjmaa zinkawapweteka. Kukalamba ndi munthu amene sungamunong'oneze kanthu n'kukhala wekha. Tsiku lina m'mawa anatenga chipande cha mkaka, uja timawaza pa chopondera cha munthu wopita ulendo wautali, n'kuwathira amuna awo kuseri kwa khutu. Mkaka unayenderera mpaka m'khosi.

"Mayi iwe, wapenga?"

"Ndachidalitsa. Chanyamuka ulendo. Kwerani galimoto, bambo!"

Mkaka ukawazidwa, ulendo subwezedwa. A Damdin anapita ku opaleshoni ali nyinyinyi.

Atabwerako, madandaulo anasintha. Agalu aphokoso, chitofu chimalira, ndipo mkonono wa a Norjmaa akuti unkamveka kuseri kwa phiri. Koma nthawi yokama ng'ombe ankadzakhala pafupi, khutu lamanzere lokonzedwalo atalozetsa kwa akazi awo.

"Mukufuna chiyani pano?"

"Palibe. Zilankhula."

"Ndinene chiyani?"

"Chilichonse. Ngakhale kundinyoza."

A Damdin anatisiya m'nyengo yachisanu yapitayi, ndipo chigwa chazizira kuposa kale. Alendo amamwa tiyi wawo mwamtendere, makutu osagwidwa, n'kunyamuka msanga. A Norjmaa akadakamabe ng'ombe zawo. Mkaka ukachuluka kapena mwana wa ng'ombe akachita zoseketsa, amatembenuka, pakamwa atatsegula kale, n'kupeza kuti palibe womuuza.