Wani Mailo Yomwe Ndinaimalizira Mumtengo

Mwa anthu amene anaona ndi maso awo zimene ndinachita pa sipotsi ya chigwa, atsala atatu okha amoyo, koma atatu onsewo ndi apakamwa. Ndiye ndaona kuti bola ndiinene ndekha nkhaniyi, iwo asanaithirenso mchere wina. Mukafuna kuseka sekani, ine manyazi ake anandithera kalekale.

Nthawi imeneyo nkhalango ya tsidya la Luangwa inali ikadali gemu rizevu, ndege zisanayambe kutera ku Mfuwe. Kuno kuchigwa chaka chinali ndi masiku aakulu awiri, Khrisimasi ndi sipotsi, ndipo kunena zoona Khrisimasi inkabwera pambuyo. Imagwa m'dzinja, mitsinje itasefukira, aliyense atatsekeredwa kwawo. Sipotsi inkachitika titakolola, mitsinje itaphwa, njira zonse zitatseguka. Akuluakulu ankati inayamba ndi masukulu awiri okha, aphunzitsi awiri atakangana kuti ana a ndani ali ndi liwiro. Pofika nthawi yathu kunkabwera masukulu a kwa Mnkhanya, kwa Nsefu, kwa Kakumbi, kwa Jumbe, ngakhale a kwa Malama, amene ankayenda wapansi masiku awiri atasenza mphasa ndi ufa.

Bwalo tinkalambula tokha ndi makasu. Mizere tinkalemba ndi phulusa, ndipo m'mawa wa tsikulo tinkayamba tatola ndowe za njovu, chifukwa nazonso zinkabwera kudzayendera ntchito yathu. Mchenga wodumphirapo atsikana ankatuta pamutu kuchokera kumtsinje wa Lupande. Nthungo zoponya zinali nthungo zenizeni, zobwereka kwa asodzi. Azimayi ankakhala mzere ndi mitsuko ya thobwa, zitumbuwa ndi nsomba zowamba, abale amene sanaonane chaka chathunthu n'kumafunsana za maliro ndi za ana obadwa. Maukwati ambiri a anthu a msinkhu wanga anayambira kuseri kwa bwalo limenelo (ena lero ndi akulu ampingo, akana, koma ine ndinkaona). Abale inu, kunkakoma! Ndikakumbuka fumbi lija ndi nthungululu zija, mtima umandiwawa.

Koma ife othamanga sitinkafuna thobwa. Tinkafuna lole. Aliyense wopambana ankakwera lole kupita ku Foti Jemusoni, Chipata ya leroyi, kukapikisana ndi masukulu a kumtunda. Kumeneko akuluakulu a sekondale ndi apolisi ankabwera kudzasankha anyamata amiyendo. Msuweni wanga wina anapita choncho, anabwerako atavala buti, akulankhula mokweza mphuno. Ine ndinali Sitandade Sikisi, chaka changa chomaliza, ndevu zitayamba kale kumera (tinkayamba sukulu mochedwa, musandiyang'ane choncho). Mutu wa masamu ndinalibe. Ndinali ndi miyendo basi, ndipo pa wani mailo chigwa chonse chinkadziwa kuti palibe wondigwira. Tala wa m'misewu ya kutauni ndinali ndisanamupondepo chibadwire, magetsi ndinkangowamva. Lole imeneyo inali khomo langa lokhalo lotulukira m'chigwa.

Tsopano mumve za atata. Atata anali agemu, aja ovala kaki ndi kunyamula mfuti yaboma, ndipo tinkakhala pakampu pafupi ndi mtsinje. Kwathu kuno njovu ikalowa m'munda kapena ikafika pankhokwe, anthu amamenya zitini kuti ichoke. Ikakana, agemu amaombera mfuti m'mwamba. Ndiye mwana aliyense wa m'chigwa amakula akudziwa kuti zitini ndi mfuti zikalira pamodzi, ndiye kuti yakwiya. Atata ankatiuza mawu amodzimodzi mpaka tinawaloweza kuposa katekisimu.

"Ukamva zimenezo usafunse munthu. Usacheuke. Vula malaya uponye kumbuyo kuti ichedwe nawo, siya njira, peza mtengo waukulu."

Sanali mawu ongoopsezera ana. Kutatsala mwezi umodzi kuti sipotsi ichitike, ndikumweta udzu kudambo, njovu yaikazi yokhala ndi mwana inanditulukira. Ndinachita zonse monga ananenera atata. Madzulo titapita kukatola malaya anga aja, tinapeza tizisanza tosakwana n'kupukutira mbale. Kuyambira tsiku limenelo, ngakhale mbale ikagwa kukhitchini ndinkadzidzimuka.

Tsiku linafika. Aphunzitsi aakulu a sukulu yathu, a Mwale, anandipatsa malaya atsopano a timu, ofiira, opanda manja.

"Awa ndi a sukulu, iwe. Ubweze ali athunthu."

"Inde, aphunzitsi."

Sukulu inalibe kamfuti koyambitsira mpikisano, ndiye chaka chilichonse ankapempha agemu mmodzi kuti aziombera yake. Chaka chimenecho anali atata. Kuchokera ku Boma kunabwera bwana woyang'anira masukulu pa Landirova, ndipo ndiye ankalemba mayina a okwera lole.

Wani mailo inayamba cha m'ma thu koloko, dzuwa likuswa mtengo. Tinali anyamata khumi ndi awiri, kuzungulira bwalo kanayi. Amene ndinkamuopako pang'ono anali Lazaro wa kwa Nsefu, chimunthu chachitali chopuma ngati mvukuto. Panalinso Gideoni wa pasukulu yathu, mwana wa kalaliki amene anali atangosamukira kuno kuchokera kutauni. Iye yekha ndiye anavala nsapato, ndipo tinamuseka mpaka misozi.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti azakhali anga a Nelia, amene ankandikonda mopitirira muyeso, anali atapangana ndi azimayi a kumudzi kwawo. Anati nthungululu zokha sizikwana pa mwana wa achimwene awo. Anabisa zitini zopirikitsira njovu m'madengu, pansi pa mbatata, n'kukakhala kumbuyo kwa khamu, mbali ya kumadimba. Kumeneko n'kumene njovu zinkatulukira masiku onse.

Mfuti inalira, tinanyamuka. Ulendo woyamba ndinangotsatira. Wachiwiri ndinapitirira Lazaro. Wachitatu ndinali patsogolo ndekha, thukuta lili m'maso, m'makutu muli ziii, koma mumtima ndikudziona kale ndili pamwamba pa lole. Ndinkaganiza mpaka za mmene ndikawabayibitsire anthu.

Ndikulowa ulendo womaliza, mphunzitsi wina anaimba belu monga mwa nthawi zonse. Palibe anamva. Nthawi yomweyo azakhali ndi gulu lawo anali atatulutsa zitini. Ngwe! Ngwe! Ngwe! Kamenyedwe kake komwe kaja ka kumunda, chifukwa manja awo sankadziwa kena. Msana wanga unachita tsembwe. Ndinadziuza kuti limba mtima, mwina n'kutopa. Ndiye a Mwale, poona kuti belu silinamveke, anathamangira kwa atata.

"Omberani, agemu, adziwe kuti ndi womaliza!"

Pamene atata ankakweza mfuti, ine n'kuti nditafika kale pokhota, pafupi ndi tchire. Phuu! Kumbuyo kwanga. Zitini, mfuti, azimayi akukuwa, ndipo pamwamba pa zonsezo ndinamva nthaka ikugunda di! di! di! ndi mpweya wotentha ukundipumira m'khosi. Anali Lazaro, inde, lero ndikudziwa. Koma tsiku lija mutu sunafunsidwe. Manja anavula okha malaya a sukulu n'kuponya kumbuyo, miyendo inadumpha mzere wa phulusa, ndipo ndinalunjika pa mtengo wa mvunguti umene unali kumapeto kwa bwalo. Liwiro limene ndinathamanga pamenepo sindinalithamangeponso moyo wanga wonse.

Zikanathera pomwepo, bwenzi ndili chitsiru chimodzi chokha. Koma malaya aja anakagwera Lazaro kumaso. Lazaro ndi mwana wa m'chigwa. Waona mwana wa agemu wavula malaya n'kusiya njira, afunsenso chiyani? Anavula ake. Amene ankamutsatira anavula awo. Khamu litaona othamanga akubalalika ali chifuwa pamtunda, linangoti mbwee! Kuno munthu akathawa sufunsa, umayamba wathawa, mafunso mukafunsana kutsogolo. Mitsuko ya thobwa inagubuduka, azimayi anatola ana (wina anatola wa mnzake, anakasinthana madzulo), nkhalamba zimene zinabwera ndi ndodo zinaiwala ndodozo. Bwana wa ku Boma anadzitsekera mu Landirova n'kukweza magalasi.

Nanga azakhali? Iwo ataona anthu akuthawa anati basi njovu yabweradi, ndipo poti zitini zinali kale m'manja, anamenya ndi mphamvu zawo zonse kuti apulumutse anthu. Amene anali akukayikabe atamva zimenezo anasiya kukayika.

Ine n'kuti ndili pa nthambi yachitatu, ndakumbatira thunthu, zipatso za mvunguti zikundigunda m'mutu. Nditayang'ana pansi ndinaona mumtengomo tilimo anthu asanu ndi awiri. Pa nthambi ya pansi panga panali a Mwale, tayi ili kumsana, nsapato imodzi palibe. Munthu wa mimba ngati imene ija, mmene anakwerera mpaka lero sindidziwa.

"Ili kuti?" anandifunsa akupuma movutikira. "Yaimuna kapena yaikazi?"

"Sindinaione, aphunzitsi."

"Sunaione?"

"Ayi, aphunzitsi."

"Nanga wathawa chiyani?"

"Zitini ndi mfuti, aphunzitsi."

Kenako anati, motsitsa mawu, "Mfutiyo ndalamula ndine."

Tonse tinayang'ana kubwalo. Linali mbee, mwangodzaza malaya, zitenje ndi zipewa. Atata okha ndiwo ankayenda chowerama kulowera kutchire, mfuti ili chire, kufunafuna mapazi a njovu imene kunalibe. Ndipo pakati pa mizere ya phulusa panali munthu mmodzi akuthamangabe, pang'onopang'ono, nsapato zake zikuti phwa, phwa. Gideoni! Mwana wa kutauni sankadziwa kuti zitini zimatanthauza chiyani. Ankaganiza kuti tonse tatopa. Anafika pomaliza popanda womugwirira chingwe, n'kuima, n'kumayang'ana uku ndi uku. Bwana uja anamuona ali m'galimoto, ndipo anatsitsa galasi pang'ono n'kumufunsa dzina.

Anthu anabwerera mmodzimmodzi, aliyense akufunafuna chovala chake. Atamva kuti kunalibe njovu, poyamba anakwiya, kenako wina anayamba kuseka, ndipo kuseka kuja kunagwira bwalo lonse. Ena ankagubuduka pansi. Azakhali okha ndiwo ankalira: "Mayo ine, ndimati ndimuthandize mwana!" A Mwale, ndiwathokoze kumene aliko, anakandipepesera kwa bwana kuti mpikisano ubwerezedwe. Bwanayo anakana. Anati wamaliza ndi mmodzi, ndipo dzina lalembedwa kale. Ndikuganiza kuti ankafunanso kuchoka msanga, anthu asanayambe kufunsa kumene iye anali.

Kuyambira chaka chotsatira, madengu onse ankasechedwa polowa m'bwalo, ndipo lamulo loletsa zitini linakhalapo mpaka sipotsi ya chigwa inazilala. Lero masukulu achuluka, aliyense amathamanga kwawo, opambana amapita pa basi popanda wowaimbira nthungululu. Pamalo pa bwalo lathu pali munda wa thonje. Ine dzina langa lenileni linafera pomwepo. Mpaka pano kwa Nsefu amanditchula kuti a Mvunguti, ndipo ndimayankha.

Lole inabwera patapita sabata ziwiri. Sindinkafuna kupita kumsewu, koma miyendo inanditenga. Ndinaima patali, kuseri kwa chulu. Anzanga anakwera akuimba, Gideoni atakhala pamwamba pa katundu, atavala malaya ofiira amene ndinaponya aja, amama anga atawachapa bwinobwino n'kuwabweza kusukulu. Lole itanyamuka ndinalira, chimnyamata chandevu, ndipo sindikubisa. Ndinadziwa kuti sekondale yapita, buti yapita, tala wapita.

Ndinangomva njinga yaima kumbuyo kwanga. Anali atata. Chichitikireni nkhani ija anali asanalankhulepo kanthu, ndipo ndinkayembekezera mawu owawa.

"Atata, ndakuchititsani manyazi."

"Ndani wanena?" anatero, maso ali kufumbi la lole. "Wakuphunzitsa ndine. Waombera mfuti ndine. Ndipo ndinaona, sunacheuke ngakhale kamodzi." Anakhosomola pang'ono. "Ine amene ndikumumvera chisoni ndi uja ali pamwambayo. Tsiku ikadzabwera yeniyeni, adzathamanga molunjika."

Mawuwo sananditonthoze olo pang'ono. Ndinkafuna lole, osati nzeru. Anandikweza pa kaliyala, tinabwerera kukampu, ndipo chaka chisanathe ndinali nditavala kaki ngati iwo. Ku Chipata ndinakafika ndili kale ndi ana atatu, pa njinga, kukagula mpeni wa pulawo. Tala ndinamuponda, ndipo anangonditentha mapazi.

Anthu akamva nkhaniyi amati phunziro lake n'lakuti munthu uzicheuka kaye usanathawe. Ndimagwedeza mutu kuti asangalale. Koma pa zaka zanga za ugemu ndinanyamulapo pamachira anthu awiri amene anacheuka. Lole ija imandiwawabe mpaka lero, sindinama, koma kucheuka kokha ayi, sindinaphunzire.